Pemiti ya Ukwati Yautsa Mapiri Pachigwa pa Embangweni

Pa Embangweni nkhani siidikira wailesi. Ikatsika m'galimoto pa Jenda m'mawa, dzuwa lisanafike paliwombo imakhala italowa mumsika, yamwa tiyi, yakhala pamzere kuchigayo, ndipo pofika madzulo anthu a ku Mabiri amakhala akuifotokoza bwino kuposa eni ake. Koma ya mwezi uno sinakwere galimoto. Inabwera pafoni.

Mnyamata wina wa m'mudzi wa kuseri kwa mishoni, amene wakhala ku Joni zaka zingapo, anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp kwa bambo ake. Foni ya mdalayo inali itazima, ndiye anaitengera kwa wotchaja mafoni pamsika. Itangoyaka anapempha kuti amutsegulire uthengawo, ndipo wotchaja uja, pofuna kuthandiza munthu wamkulu amene makutu ayamba kumuvuta, anakweza mawu mpaka kumapeto. Onse amene ankadikira mafoni awo anadzimvera okha: "Adada, pemiti ya ukwati andikana. Loya akuti tikhoza kupita kukhoti. Gulitsaniko ng'ombe ziwiri."

Mdala anapisa foni m'thumba la jekete nkumapita mwakachetechete. Nkhani inatsala pomwepo, ndipo mpaka lero sinagone.

Oyamba kuigwira anali anyamata a kabaza. Kwa iwo mlanduwu ndi wosavuta. Mmodzi, atakhala panjinga yake yamoto ali kudya chiwaya, anauza anzake kuti loyayo akungofuna kudya ng'ombe za eni, chifukwa khoti la ku Joni linalamula kalekale kuti aliyense wokwatira mkazi wakumeneko apatsidwe mapepala tsiku lomwelo. Msuweni wake ndiye anamuuza. Wina anatsutsa: si tsiku lomwelo, ndi pakatha sabata. Wachitatu anafunsa ngati lamulolo likukhudzanso zibwenzi, ndipo funso limeneli analifunsa ndi nkhope yoti aliyense anadziwa kuti munthuyu wayamba kale kuwerengera ndalama ya thiransipoti.

Zoti khoti linalankhulapo si bodza. Pa 7 Juni 2000, Constitutional Court ya South Africa inagamula mlandu umene umadziwika ndi dzina la Dawood. Anali mabanja atatu, a Dawood, a Shalabi ndi a Thomas, ndipo m'banja lililonse mmodzi anali wa dzikolo, mnzake mlendo. Lamulo la 1991 linkapatsa ogwira ntchito ku Home Affairs mphamvu zokana kuwonjezera masiku a mlendoyo popanda chowatsogolera chilichonse, moti banja linkakakamizika kusankha pakati pa kupatukana ndi kusamukira kunja. Jaji Kate O'Regan analemba chigamulocho. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa satchula ufulu wokhala ndi banja mwachindunji, koma iye anati kuletsa mwamuna ndi mkazi kukhala limodzi ndi kuwachotsera ulemu wawo waumunthu, ndipo ulemu umenewo malamulowo amauteteza. Chaka chotsatira, pa mlandu wa Booysen, khoti lomwelo linanenanso chimodzimodzi pa nkhani ya chilolezo chogwirira ntchito. Mpaka apa msuweni uja ali ndi mfundo. Pamene anaphonya ndi pa "tsiku lomwelo".

Amene anawongola nkhaniyi ndi aphunzitsi ena opuma, amene amakhala pampando womwewo m'tiyirumu tsiku lililonse, magalasi ali pamphuno, ndipo ana awo awiri ali ku Pretoria. Iwowa salankhula kapu isanathe. Itatha, anati: "Ana inu, khoti silidinda pasipoti ya munthu. Lili ngati mkulu woyang'anira sikelo pamsika wa chimanga. Sakugulira chimanga chako, ndipo sakuikira mtengo. Amangoona ngati sikelo anaibera." Anafotokoza kuti jaji amafunsa ngati wokanayo anawerenga zonse zimene anapatsidwa, ngati anatsata lamulo, ngati anapereka chifukwa chomveka. Akapeza kuti pena panakhota, nthawi zambiri amafafaniza chigamulocho nkubweza mapepala ku ofesi yomweyo kuti iunikenso. Munthu ukhoza kupambana mlandu nkubwererabe pamzere.

Ndiponso kukhoti sapitako mothamanga. Lamulo la 2002 loona za anthu olowa ndi kutuluka limati wokanidwa ayambe wadandaula kwa Director-General wa Home Affairs pasanathe masiku 10 ogwira ntchito chilandirireni kalata. Akakanidwanso, ali ndi masiku ena 10 oti akagwade kwa nduna. Makomo awiriwa akatsekeka mpamene amapita ku High Court, ndipo kumeneko lamulo lina la 2000 limamupatsa masiku osapitirira 180. Atafika apa aphunzitsi anagogoda tebulo ndi supuni. Chimene chinkawadetsa nkhawa si ng'ombe ayi, koma kalendala. Masiku 10 satalika: mdala aganize, aitane abale ake, wogula abwere adzaone mano a ng'ombe, ndalama itumizidwe, nthawi yatha kale.

Kumalo ometera nkhani inatenga njira ina. Wometa, amene anakhalako ku Cape Town asanabwere nkutsegula kashopu kake ndi sola imodzi padenga, anaulula kuti anthu okhalira limodzi popanda mtchatho amafunsidwa mafunso payekhapayekha, tsiku limodzi, nthawi imodzi, mwamuna uku mkazi uko, kuti aone ngati banjalo ndi lenileni. Izi nzoona, zili m'malamulo a 2014, pamodzi ndi zoti awiriwo akhale atakhala limodzi zaka ziwiri. Mafunso ake enieni palibe ankawadziwa, ndiye onse anayamba kuwapeka. Amagona mbali iti ya bedi? Dzulo munadyera chiyani? Tiyi amathira masupuni angati a shuga? Posakhalitsa mayeso anatembenukira kwa okhala pabenchi. Mkulu wina wa mpingo, amene wakhala pabanja kuyambira nthawi ya Kamuzu, anafunsidwa tsiku lobadwa la mkazi wake. Anakanda mutu umene unali utametedwa mbali imodzi nati: "Amama anabadwa chaka chimene Kamuzu anatsika ndege pa Chileka." Anthu anavomereza kuti 1958 yakhoza, koma mwezi ndi tsiku bwanji? Mkuluyo anati zimenezo akafunse apongozi, amene anagona kale. Benchi yonse inagwirizana kuti akanakhala ku Joni, banja la zidzukulu khumi ndi mphambu likanapezeka kuti ndi lachinyengo. Iye anaseka kuposa onse, koma akuti madzulo ake anamveka akufunsa kunyumba.

Pabawo pansi pa mtengo, madala sanafune kumva za masupuni. Kwa iwo chodabwitsa nchakuti Mngoni azipempha chilolezo chokhala kwawo. Makolo athu anachokera kuti? Zwangendaba sanawoloke Zambezi mu 1835 akuchokera komweko? Mmodzi anati mwanayo angovala njobo ndi nthini, atenge chishango, akavine ingoma pakhomo pa ofesiyo, aone ngati sadzamuzindikira. Wina anakumbutsa anzake kuti Donald Fraser atasamutsa mishoni kuchoka ku Hora kudzamanga Loudon kuno ku Embangweni mu 1902 anabwera ndi mkazi wake Agnes, amene anali dokotala, ndipo palibe anawaika m'zipinda ziwiri kuti awafunse za shuga. Chilolezo anapereka ndi makhosi, pamaso pa anthu, nkhani nkutha. Mkulu wina amene anagwirako m'migodi anawadula pakamwa. Anati pa nthawi ya Wenela ndi TEBA nkhani ya pemiti ya mkazi kunalibe chifukwa mkazi sankaloledwa nkomwe. Unkagona mukomboni ya amuna okhaokha, kontirakiti ikatha nkubwerera ndi sutikesi ndi bulangete. Amene ankapeza mkazi kumeneko ankangosowa, nkukhala matchona, ndipo amayi awo ankafa akuyang'ana kumsewu. Anakumbukanso 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nkupha a Malawi oposa 70 obwerera kumigodi, Kamuzu nkuletsa kulemba anthu. "Uyu wanena yekha kumene ali, wanena amene akukhala naye, ndipo akufuna kukhala mwalamulo. Inu mukufuna chiyaninso?" Anatero nkudya nkhomo za mnzake amene anali atatengeka ndi mbiri.

Aphunzitsi aja anali ndi mlandu wina m'thumba, umene anautulutsa tsiku lotsatira anthu atachuluka. Robinah Nandutu, mayi wa ku Uganda, analowa mu South Africa mu 2015 ndi viza ya mlendo, ali woyembekezera, nakwatiwa ndi James Tomlinson, mzika ya Britain yokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo. Atapempha viza ya mkazi wapabanja anakanidwa. Chifukwa chake sichinali chakuti banjalo ndi labodza ayi. Lamulo linkati mlendo sangasinthe viza ali mkati mwa dziko, ayenera kubwerera kwawo nkukapemphera kumeneko. Iye anapita kukhoti ku Cape Town, nagonja. Sanagwe mphwayi. Pa 28 Juni 2019 Constitutional Court, kudzera mwa Jaji Nonkosi Mhlantla, inagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa mzika kapena wa munthu wokhazikika akhoza kupempha ali momwemo. Mayi wogulitsa mandasi, amene ankamvetsera ali pakhomo beseni lili pamutu, anawerenga ndi zala: 2015 mpaka 2019. "Ndiye kuti mimba ija inali itayamba kale nasale," anatero. Tiyirumu yonse inaseka, koma anthu angapo anayamba kuwerengeranso ngati ng'ombe ziwiri zingakwane ulendo wautali chotero.

Thiransipota wina, mwa aja amanyamula katundu ndi anthu kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, anafika Lachisanu ndi ngolo yodzaza mafiriji, matilesi ndi njinga zokutidwa m'mapulasitiki. Anthu anamuzinga asanamasule ndi chingwe chomwe. Iye anafunsa funso limodzi lokha, limene tauni yonse inali isanafunse: chidindo cha mnyamatayo chinatha liti? Mmalawi amapatsidwa masiku 30 pachipata. Ukapitirira ndi masiku ochepa, potuluka amakuletsa kulowanso kwa chaka. Ukapitirira ndi masiku oposa 30, zaka 5. Ukagwidwa mkati, njira yake ndi ya ku Lindela, malo osungirako anthu obwezedwa kwawo ku Krugersdorp, kumene ambiri a kuno akudziwako bwino kuposa ku Nyika. Mlandu wa Nandutu unatsegulira khomo mlendo amene ali m'dzikomo mwalamulo. Sunafafanize zaka zimene munthu wakhala mobisala. Anawonjezera kuti ngakhale amene mapepala awo ali bwino amadikira mpaka kutopa: pamene Leon Schreiber ankalowa unduna wa Home Affairs mu 2024, mafomu oposa 300,000 anali ataunjikana osayankhidwa. Kenako anapempha kuti amupatse mpata atsitse firiji ya eni, chifukwa mwini wake anali ataima pomwepo ndi ngolo ya ng'ombe kuyambira m'mawa.

Kuchigayo ndiye kunali nkhani yeniyeni, ndipo kumeneko kuseka kunali kwa mtundu wina. Mnyamata wathuyu, tinene chilungamo, sanasiye mkazi kuno. Amayi anafufuza bwinobwino mpaka kwa azakhali ake, napeza kuti ngakhale chibwenzi chodziwika analibe. Koma pamzere umenewo, mwa amayi khumi, ovala zitenje zotumizidwa kuchokera ku Joni sasowa, ndipo aliyense anamva nkhaniyi ndi khutu lake. Mmodzi anafunsa kuti kodi iye, amene anamulowola ndi ng'ombe zisanu pamaso pa mudzi wonse, angapemphe pemiti yomweyo kuti akakhale ndi mwamuna wake ku Randburg? Yankho ndi lowawa. Viza imeneyi ndi ya mkazi kapena mwamuna wa mzika ya South Africa, kapena wa munthu amene ali ndi chilolezo chokhazikika. Mwamuna amene akugwira ntchito m'munda wa maluwa wa bwana wake popanda pepala lililonse alibe chimene angaitanire mkazi wake. Palibe fomu yoti mayiyu alembe, ndiye palibenso kalata yomukana imene angapite nayo kwa jaji.

Wina, wachikulire pang'ono, amene mwana wake wamkazi ali ku Durban, anabweretsa mfundo imene inaimitsa ngakhale wothira chimanga m'chigayo. Anati mwamuna wofuna pemiti kudzera mwa mkazi wokhala naye kumeneko amalumbira papepala, pamaso pa loya, kuti palibenso wina. Ngati anakwatirapo, aonetse kalata ya chisudzulo kapena ya imfa. "Ndiye ena a ife pano tinasudzulidwa osadziwa, ena tinafa kale," anatero akukung'untha ufa pachitenje. Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Wina anati ngati anafa, bwanji sanamuitane ku maliro ake adzadyeko nyama. Koma kuseka kutatha panali amene anatenga thumba lake nkuchoka osatsanzika.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli. Mawu a Jaji O'Regan, akuti kulekanitsa banja ndi kuchotsera anthu ulemu, ndi oona ku Johannesburg ndipo ndi oona ku Embangweni. Mayi amene walima yekha zaka zisanu ndi ziwiri, wasamala apongozi ake pa chipatala cha mishoni, wayang'anira amisiri mpaka nyumba ya malata yatha, ali pabanja lenileni kuposa mabanja ambiri okhala ndi zidindo. Malamulo a dziko lathu, pa gawo 22, amavomereza ukwati wa mwambo, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limauika pamlingo umodzi ndi wa kutchalitchi ndi wa kwa DC. Nalo dziko la South Africa lili ndi lamulo la 1998 lovomereza maukwati a malowolo. Komabe mboni za mayiyu ndi ng'ombe zimene zili m'khola la bambo ake, ndi madoda amene anakhala pamphasa tsiku lija. Ofesi ya ku Pretoria siingaziitane. Nchifukwa chake mlangizi wina wa umanyano wakhala akuuza atsikana kuti kalata ya ukwati asamaisiye m'sutikesi ya mwamuna. Aisunge okha, aijambulenso pafoni. Ena anamuseka kuti akuphunzitsa ana kukayikira amuna awo. Ine ndikuti akuwaphunzitsa bwino.

Funso lina linachokera kwa mnyamata wogulitsa mayunitsi: nanga mkazi wa ku Joniyo akadzatopa naye? Mwambi umati banja ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma pa pemiti imeneyi banja likatha boma limalowerera ndithu, chifukwa viza imafera pomwepo. Kwa zaka zambiri munthu ankangodzuka ali wosaloledwa kukhala m'dziko, ntchito yatha, ana ake ali pasukulu momwemo. Ambiri ankapirira nkhanza poopa zimenezi. Pa 4 Disembala 2023, pa mlandu wa Tereza Rayment ndi anzake, Jaji Wamkulu Raymond Zondo anagamula kuti kholo lachilendo limene likulera mwana amene ndi mzika lisathamangitsidwe chifukwa choti banja latha. Lipatsidwe miyezi itatu yopempha chilolezo china lili momwemo, ndipo liloledwe kugwira ntchito. Wa mayunitsi anafunsa za amene alibe mwana. Aphunzitsi anangotambasula manja.

Pamsika nkhani yafika pa mitengo. Wogula ng'ombe wina wadutsa kale kawiri pakhomo pa mdala, akuti ankangopereka moni. Abusa ena anatchulako nkhaniyi mu ulaliki osatchula dzina, mpingo wonse nkutembenukira mbali imodzi. Namwino wina wakumbutsa anthu kuti ku Britain zinthu nzolimba kuposa apa: kuyambira Epulo 2024 wofuna kuitana mkazi kapena mwamuna wake ayenera kumalandira mapaundi 29,000 pachaka, ndipo anthu atayesa kusintha ndalamayo kukhala makwacha pa kakyuleta ya foni, manambala anadzaza galasi lonse. Asibweni ake a mnyamatayo, amene ng'ombe imodzi mwa ziwirizo amati ndi yawo, alengeza kuti iwo sanafunsidwe.

Mdala mwini wake wachita zanzeru. Anapita kwa aphunzitsi m'mamawa tiyirumu isanadzaze, ndipo anagwirizana kuti mwanayo ajambule kalata yomukanayo, tsamba lililonse, atumize. Akufuna aone tsiku limene inalembedwa, chifukwa chimene chaperekedwa, ndiponso ngati makomo awiri aja anagogodapo kale. Ngati vuto ndi umboni wosakwanira woti amakhala limodzi, mankhwala ake ndi malisiti a lendi, makalata a kubanki ndi zithunzi, osati khoti. Ngati wokanayo sanawerenge zimene anapatsidwa, pamenepo loya ali ndi ntchito, ndipo khola litsegulidwa. Aphunzitsi anawonjezera kuti afunse dzina la loyayo ndi kumene kuli ofesi yake, chifukwa ku Joni aliyense wovala tayi pafupi ndi mzere wa pa ofesi ya maviza ya VFS amadzitcha loya.

Koma amayi ake a mnyamatayo aika lamulo lawo, limene silili m'buku lililonse la ku Pretoria. Akuti sangavomereze kuti chiweto chichoke pakhomo chifukwa cha mkamwana amene sanamuonepo. Abwere. Wa ku South Africa safuna viza polowa m'Malawi, ndipo ngati mwana wawo akuopa chidindo cha pa Beitbridge, mkaziyo akwere yekha ndi thiransipota, adzamuchingamira pa Jenda. Uthenga wapita, ndipo yankho labwera loti mwina pa Khirisimasi.

Ndiye pano tauni yasiya za khoti. Mkangano umene ulipo ndi wakuti kodi adzagwada popereka madzi kwa apongozi, ndipo ngati sadzagwada, ndani adzamuuze. Madala a pabawo akukonzekera kudzamulonjera m'Chingoni, ngakhale pakati pawo palibe amene angapitirire pa moni. Azakhali akuti adzamuyesa ndi mthiko pa mphika wa nsima ya anthu khumi. Wometa akuti atsikana a ku Joni sadya nkhwani wotendera. Mayi wa mandasi akuti adzadya, chifukwa amene adzaphike ndi iyeyo.